Kufufuta mapositi akale popanda kupereka makiyi a akaunti yanu

Mwana wa achemwali anga anamaliza maphunziro ku Mzuni, ndipo atatha miyezi yambiri akuponya makalata uku ndi uku, kwina anamuitana ku intaviyu. Mnzake anamutsina khutu kuti olemba ntchito ena masiku ano amayamba asuzumira pa Facebook asanakuone nkhope. Usiku womwewo, kunja kukuwaza kamvula ka mu June kaja kamene kamatithamangitsira m'mabulangete kuno ku Mzuzu, anakhala pampando n'kuyamba kutsika ndi chala mpaka anafika mu 2015, nthawi imene anali Fomu 3. Zimene anapeza kumeneko anachita kugwira pakamwa: mawu onyoza aphunzitsi, mikangano ya ndale yomwe sankaimvetsa n'komwe, zithunzi za kumapate. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Iye mlomo anausiya pa intaneti, ndipo unangokhala phee kumudikira.

Intaviyu inali Lolemba. Mapositi anali mazanamazana. Ndiye anapeza kapulogalamu kolonjeza kuti kasesa zonse m'mphindi zisanu, kanamupempha nambala ya foni ndi pasiwedi, iye n'kulemba. Kanazungulirazungulira, kenako zii. Pofika Lachisanu ndinalandira foni: "Amalume, akaunti yanga ikukana kutseguka." Nthawi imeneyo n'kuti abale ku Chibavi ndi ku Johannesburg atalandira kale uthenga wochokera m'dzina lake, wakuti wagonekedwa kuchipatala, amutumizire kangachepe pa nambala ina. Azakhali ake anatumiza K20,000. Mapositi a 2015 aja anali pomwepo, ngakhale imodzi yosachoka.

Mfundo yaikulu ndi iyi: ntchito yofufuta positi sifuna kuti pasiwedi yanu mupatse munthu kapena pulogalamu ina iliyonse. Mu October 2022 kampani ya Meta, eni ake a Facebook ndi Instagram, inalengeza kuti yapeza mapulogalamu oposa 400 pa Google Play ndi pa App Store omwe ntchito yawo yeniyeni inali kuba mapasiwedi a Facebook. Ankaoneka ngati okonzera zithunzi, magemu, ma VPN, ngakhale tochi. Onsewo khomo lawo linali limodzi: lowani kaye ndi akaunti yanu. Munthu amene ali ndi manyazi komanso ali pachangu ndiye amalowa pakhomo limeneli osayang'ana, ndipo akamberembere amadziwa zimenezi.

Nayi ndondomeko imene tinatsata ndi mwana uja titabweza akaunti. Kufufuta kwenikweniko kukubwera mochedwa, ndipo ndachita dala. Nyumba umayamba wakonza loko, kusesa pambuyo.

Yambani ndi foni imene mukugwiritsa ntchito

Gwirani ntchitoyi pa foni yanu, ndi bando yanu, tsiku limene batire ladzadza ndipo simukuthamangira kulikonse. Musabwereke foni ya mnzanu, ndipo pewani kompyuta za m'malo otayipira ndi kupulintira makalata m'tauni. Sikuti eni malowa ndi akuba. Koma pa kompyuta imodzi pamadutsa anthu makumi angapo pa tsiku, ndipo simudziwa chimene wina anasiyamo. Zikavutitsitsa, tsegulani zenera la Incognito (zenera la bulawuza losasunga mbiri ya masamba amene mwatsegula), bulawuza ikafunsa ngati isunge pasiwedi kanani, ndipo pochoka tulukani mu akaunti ndi Log out, osati kungotseka zenera. Mukafika kunyumba sinthani pasiwediyo, chifukwa Incognito sitchinga pulogalamu yojambula mabatani amene mwadina.

Ngati mukufuna wokuthandizani, kaya ndi mwana wanu kaya mnyamata wokonza mafoni, khalani naye pambali. Pasiwedi lembani nokha. Zomusiyira foni yotsegula inu n'kukazungulira mumsika wa Taifa kuti mudzaipeze yatha, ayi.

Nambala ndi imelo zimene zili pa akaunti

Apa ndi pamene ambiri timagwera, ndiye ndichedwapo. Lowani mu Settings, pitani ku Accounts Centre, kenako Personal details, muone Contact info. Mayina amenewa Facebook imawasunthasuntha, choncho mukawasowa lembani dzinalo pamalo ofufuzira a mu Settings.

Mupeza chiyani? Ambiri amene anatsegula akaunti cha m'ma 2012 adzapeza nambala ya simu imene inatayika kalekale, kapena imelo ya Yahoo imene anawatsegulira mnzawo pa kefe ya intaneti ndipo pasiwedi yake sanaidziwepo. Nambala ya foni ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatha kuperekedwa kwa munthu wina. Munthu ameneyo, ali ku Karonga kapena ku Nsanje, akhoza kulandira khodi yosinthira pasiwedi ya akaunti yanu. Simu yanu yakale ndi kiyi wa nyumba amene munamutaya panjira.

Ikani nambala imene muli nayo m'manja lero, yolembetsedwa m'dzina lanu ndi chiphaso chanu. Kulembetsa simu kunakhala kokakamiza m'Malawi muno mu 2018, koma alipo amene mpaka pano akuyendera simu yolembetsedwa m'dzina la mlamu wawo. Simu yotere ikatayika, kuibweza kwa TNM kapena Airtel kumafuna mwini dzina. Mukatsimikizira nambala yatsopanoyo ndi khodi, chotsani yakale.

Imelo nayo chimodzimodzi, ndipo ndinganene kuti imelo ndi yofunika kuposa Facebook yeniyeniyo. Amene walowa mu Gmail yanu akhoza kusintha pasiwedi ya Facebook, ya Instagram ndi ya X (Twitter yakale ija) ali chikhalire. Ngati pasiwedi ya imelo ndi yomweyo ya Facebook, yambani kusintha ya imelo. Mwana wa achemwali uja chimene chinamupulumutsa n'chakuti imelo yake inali ndi pasiwedi ina. Wakubayo atasintha zinthu pa akaunti, Facebook inatumiza kalata ku imelo yakaleyo yofunsa ngati ndi iye wachita zimenezo, ndipo tinadzera pa linki ya m'kalata imeneyo.

Pasiwedi yatsopano ndi loko wachiwiri

Mu Accounts Centre momwemo muli Password and security. Sinthani pasiwedi musanafufute kalikonse. Ikhale yaitali, ndipo isakhale chinthu chimene munthu angachitole pa akaunti yanu yomweyo. Tsiku lobadwa lili pa akaunti. Dzina la mwana lili pansi pa zithunzi. Ngati sabata iliyonse mumalemba za Moyale Barracks kapena Bullets, dzina la timu ndi chaka chobadwa aliyense aziyesa. Njira yosavuta ndi kulumikiza mawu anayi kapena asanu osagwirizana, monga kondowole, bulangete, Lunyangwa ndi sipoko, n'kuthirapo manambala ndi kachizindikiro pakati. Awa ndawatchula kale pagulu, pezani anu. Akaunti iliyonse ikhale ndi yakeyake. Zikachuluka, foni ya Android ili ndi Google Password Manager yosungira, ya iPhone nayo ili ndi yake, bola foniyo ikhale yokhoma ndi PIN yabwino.

Kenako yatsani Two-factor authentication. Uyu ndi loko wachiwiri: ngakhale wina adziwe pasiwedi, akamalowa pa foni yachilendo amafunsidwanso khodi ya manambala 6. Khodiyo ikhoza kubwera pa SMS, koma ine ndimakonda pulogalamu ngati Google Authenticator. Imapanga khodi yatsopano masekondi 30 aliwonse, ndipo sifuna netiweki kapena bando. Amene anayendapo njira ya ku Chikangawa akudziwa malo amene netiweki imangoti balala. Pa X, kuyambira mu March 2023 khodi ya pa SMS ndi ya olipira okha, ndiye kumeneko pulogalamuyi ndi imene ingakuthandizeni.

Mukayatsa, Facebook imapereka makhodi 10 osungira tsiku la tsoka, otchedwa Recovery codes. Alembeni ndi bolopeni papepala, muike m'fayilo momwe muli satifiketi ya MSCE. Musawajambule n'kuwasiya m'zithunzi za mufoni, chifukwa tsiku limene mudzawafune ndi tsiku limene foniyo yabedwa.

Khodi iliyonse yobwera pa foni yanu ndi yanu nokha. Wina akakuimbirani kapena kukulemberani kuti "ndatumiza khodi molakwitsa, tandiwerengereni," ameneyo ali pakhomo la akaunti yanu, akungosowa kiyi womaliza. N'chimodzimodzi ndi PIN ya Mpamba kapena Airtel Money.

Tulutsani alendo

Pa Password and security pomwepo pali Where you're logged in. Muona mafoni ndi makompyuta onse amene akaunti yanu ili chitsegukire: foni imene munagulitsa, ya chibwenzi chakale, laputopu ya kuntchito kumene munasiya. Tulutsani zonse kupatula imene muli nayo. Musadzidzimuke mukaona palembedwa Lilongwe kapena Blantyre inu muli ku Katoto. Nthawi zambiri intaneti ya pa foni imaonetsa mzinda umene kampani yadzeretsa netiweki yake. Yang'anani mtundu wa foni ndi tsiku, osati mzinda wokha.

Mukatero pitani ku Apps and websites. Umu ndi mmene mumagona timagemu ndi timafunso tija takuti "udzakwatira chaka chanji" kapena "nkhope yako ikufanana ndi ndani". Nkhani ya Cambridge Analytica imene inaphulika mu 2018 inayambira pa kapulogalamu ka mafunso kotereka, ndipo Facebook inavomera kuti zinthu za anthu okwana mpaka 87 miliyoni zikhoza kukhala kuti zinatengedwa. Chilichonse chimene simukuchikumbukira, chotsani.

Sungani kope musanasese

Mu Accounts Centre, pansi pa Your information and permissions, pali malo otengera kope la zinthu zanu zonse, olembedwa Download kapena Export your information. Sankhani zaka zimene mukufuna, sankhani HTML kuti muzitha kuwerenga mosavuta, ndipo ngati bando ndi yochepa tsitsani ubwino wa zithunzi. Fayilo sibwera nthawi yomweyo. Amakudziwitsani ikapsa, ndipo imakhalapo masiku owerengeka okha.

Fayilo imeneyi muisamale ngati ndalama. Mukasankha zonse, mumakhala mauthenga anu a ku inboksi, nambala, imelo ndi mayina a anzanu. Musaitumize pa WhatsApp kuti wina akusungireni, ndipo musaiike pa fulashi yomwe mumapita nayo kokaikitsa nyimbo.

Tsopano kufufuta

Ngati nthawi yakutherani ngati mmene zinalili ndi mwana uja, pali njira yachidule imene ambiri saidziwa. Mu Settings fufuzani Limit past posts. Mukadina, mapositi onse akale amene anali poyera amasanduka oonedwa ndi anzanu okha. Wolemba ntchito amene si mnzanu pa Facebook sawaonanso. Zimatenga mphindi imodzi, popanda kupereka pasiwedi kwa aliyense. Dziwani chabe kuti palibe batani lobwezera zonse pakamodzi: mukadzafuna positi ina ibwerere poyera mudzaisintha payokha. Iye akanadziwa batani limeneli tsiku lija, azakhali ake akanakhala ndi ndalama zawo.

Moto ukazima chonchi, sesani modekha. Pitani pa tsamba lanu, dinani timadontho titatu, musankhe Activity log, kenako gawo la mapositi anu. Kuyambira mu 2020 Facebook imalola kuchonga mapositi ambiri n'kuwachotsa pamodzi. Gwiritsani ntchito Filters kusankha chaka, muyambe ndi chimene chikukuchititsani manyazi kwambiri. Pali njira ziwiri. Archive imabisa positi kuti muziiona inu nokha, ndipo imakhala mpaka kalekale. Trash ndi dzala: positi imakhalamo masiku 30, kenako imapitiratu. Zithunzi za abale ndi za maliro ndimati ziikeni ku Archive. Zotukwana ndi za ndale za ubwana, kudzala.

Musaiwale ndemanga zimene munalemba pansi pa mapositi a ena ndi m'magulu. Zili ndi gawo lakelake mu Activity log, ndipo kawirikawiri mlomo woipa umakhala kumeneko. Limit past posts sizikhudza. Chithunzi chimene anaika mnzanu n'kukutchulanipo simungachifufute, mungangochotsapo dzina lanu. Chotsalacho n'kumuimbira mwiniwake n'kumupempha.

Pa Instagram njira ndi Your activity, kenako Posts, n'kuchonga. Zofufutidwa zimadikira masiku 30 mu Recently deleted.

Ntchitoyi ndi yotopetsa, ndisakunamizeni. Netiweki imagwa muli pakati, tsamba limayambiranso pamwamba, chala chimachita dzanzi. Chitani chaka chimodzi madzulo aliwonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga mapulogalamu othandiza kufufuta?

Pa Facebook ndi Instagram simukuwafuna, chifukwa zida zili kale m'katimo. Vuto lili pa X, imene inali Twitter mpaka July 2023. Kumeneko mulibe batani lofufutira zambiri pakamodzi, ndipo munthu wa mapositi 8,000 sangawathe ndi chala. Ndiye anthu amapita ku mawebusaiti ochita ntchito imeneyi. Ena ndi achilungamo, ena ayi, ndipo kusiyana kwake mungakuone ndi maso.

Webusaiti yachilungamo sikufunsani pasiwedi pa tsamba lake. Imakutumizani ku tsamba la X lenileni, kumene mumaona dzina la pulogalamuyo, mndandanda wa zimene ikupempha kuchita, ndi batani lakuti Authorize app. Yang'anani adiresi pamwamba: ithere ndi x.com kapena twitter.com kasanabwere kamzere kopendekera koyamba. Ikakhala yonga x.com-login kenako zina, imeneyo ndi nyumba ya wina yopakidwa penti yofanana. Mukavomereza, X imapatsa pulogalamuyo chilolezo chokhala ndi malire, osati pasiwedi yanu. Zili ngati kumutsegulira waganyu chipinda chimodzi inu muli pakhonde, m'malo momupatsa mpukutu wonse wa makiyi. Werengani zimene ikupemphazo. Yofufuta mapositi ikufuniranji kuwerenga mauthenga anu achinsinsi?

Mawebusaiti amenewa nthawi zambiri amangofika pa mapositi 3,200 omalizira, ndipo kuti afike akale kwambiri amapempha fayilo ya akaunti yanu yochokera ku X. Musatumize chimtolo chonsecho. Chimasuleni, mulowe mu foda yotchedwa data, mutenge fayilo ya tweets.js yokha. Pambali pake pali mafayilo a mauthenga anu achinsinsi, imelo ndi nambala ya foni, ndipo amenewo alibe nawo ntchito. Akakakamira zonse, asiyeni.

Ntchito ikangotha, tsiku lomwelo, lowani mu Settings ya X, Security and account access, Apps and sessions, Connected apps, n'kuchotsa chilolezocho. Webusaiti yabwino lero ikhoza kugulitsidwa kapena kuberedwa chaka chamawa, chilolezo chanu chikadali m'manja mwake.

Pali zinthu zitatu zimene ine ndimakaniratu. Choyamba ndi fayilo ya APK, ija yoikira pulogalamu mufoni ya Android osadzera ku Google Play, yotumizidwa pa gulu la WhatsApp kapena Telegram. Chachiwiri ndi tizowonjezera ta pa Chrome tolonjeza kusesa Facebook. Kachinthu koteroko kamaona zonse zimene bulawuza ikuona, ndipo koipa kamatha kuba cookie, kachizindikiro kamene kamauza Facebook kuti munalowa kale. Wakuba akakhala ndi kameneko safunanso pasiwedi kapena khodi ya manambala 6 ija. Chachitatu ndi malangizo akuti kopani mawu awa muwamate mu Console ya bulawuza, kazenera kamene okonza mawebusaiti amalembamo malamulo a kompyuta. Facebook yeniyeniyo inaika chenjezo lalikulu lofiira lakuti Stop! pamalo amenewo chifukwa cha anthu amene anaberedwa mwa njira yomweyi.

Ngati munapereka kale

Thamangani. Ngati akaunti ikutsegukabe, sinthani pasiwedi, ndipo ikafunsa ngati mutuluke pa zipangizo zina zonse, vomerani. Onaninso Contact info kuti wakuba sanaonjezerepo imelo kapena nambala yake, chifukwa ndi mmene amabwererera mawa lake. Chotsani kapulogalamuko mufoni, ndipo paliponse pamene munagwiritsa ntchito pasiwedi yomweyo musinthe. Ngati yakana kutseguka, lembani nokha facebook.com/hacked pa bulawuza, pa foni imene mumalowera masiku onse, popeza Facebook imaizindikira.

Uku mukuchita zimenezo, wina akhale akuimbira abale. Kuimba, osati kulemba pa Facebook. Yambani ndi akuluakulu ndi amene ali kunja, chifukwa ndi amene amatumiza msanga akamva za chipatala. Ife tinachedwa ndi maola awiri okha.

Chenjeraninso ndi amene amabwera pambuyo pa tsoka. Mukangolemba kuti akaunti yanga yabedwa, pamatulukira anthu olonjeza kuibweza mukawalipira, ndi mauthenga onamizira kuti achokera ku Meta akuti tsamba lanu litsekedwa m'maola 24 mukapanda kudina linki. Ndi gulu lomwelo lavala malaya ena.

Zimene kufufuta sikungathe

Positi imene wina anaijambula pa foni yake yapita, madzi akatayika saoleka. Google nayo imatha kuonetsabe zakale kwa kanthawi. Pakatha sabata ziwiri, tsegulani Incognito osalowa mu akaunti iliyonse, mulembe dzina lanu pa Google muone zimene mlendo akuona. Ngati chofufutidwa chikuonekabe, Google ili ndi fomu yotchedwa Refresh outdated content yopemphera kuti achichotse.

Ena akatopa amati bola kungofufuta akaunti yonse. Mukhoza, ndipo Facebook imapereka masiku 30 oti musinthe maganizo. Koma yambani mwaona malo onse amene mumalowa kudzera pa batani la Facebook, komanso ngati ndinu nokha woyang'anira tsamba la bizinesi kapena la kwaya ya kumpingo. Ikani kaye woyang'anira wachiwiri.

Chomaliza, lembani pa kalendala tsiku la 25 kuchokera pamene munayamba kutaya zinthu mu Trash, ndipo tsiku limenelo mulowemo muyang'ane kamodzi. Pochonga mapositi makumi asanu nthawi imodzi, chala chimatenga ndi zosayenera. Mwana wa achemwali uja atalowamo anapeza chithunzi cha agogo ake, mayi anga, atakhala pamkeka ku Nkhata Bay akusenda chinangwa, chimene anajambula mu 2016 ndi kafoni kamene kanafa kalekale. Chinalowa m'dzala limodzi ndi zithunzi za pate ya tsiku lomwelo. Anadina Restore kutatsala masiku anayi, n'kunditumizira pa WhatsApp: "Amalume, ichi musunge inunso."